Mwana ayambe wagwira pensulo, kompyuta adzaipeza

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiponyepo mawu pa nkhani imene ikumveka kwambiri masiku ano pakati pa makolo, ngakhalenso aphunzitsi ena, yakuti kuphunzitsa ana kulemba pamanja n'kutaya nthawi poti dziko lonse lasamukira pa foni ndi pa kompyuta. Onena zimenezi sakulota ayi. Kalata yofunsira ntchito masiku ano imatayipidwa, uthenga kwa achibale umapita pa WhatsApp, ndipo alipo akuluakulu ambiri amene amatha mwezi wathunthu osagwira bolopeni. Ndiye amafunsa kuti, nanga mwana wa zaka 6 tikumuvutitsiranji ndi kope ndi pensulo, pa luso limene sadzaligwiritsa ntchito akadzakula?

Ine ndinaphunzitsa makalasi oyambirira kwa nthawi yaitali ndisanapume, ndipo ndikuona kuti funsoli likuyang'ana kutali kwambiri. Likuyang'ana munthu wamkulu ali muofesi, pomwe phindu lalikulu la pensulo limaoneka chaka chomwecho chimene mwana waigwira koyamba. Tikamamuphunzitsa kulemba chilembo, timakhala tikumuphunzitsa kuwerenga.

Mphunzitsi aliyense wa ana aang'ono amaidziwa nkhondo ya b ndi d. Mwana akufuna kulemba "bambo", pakope patuluka "dambo". Mumuuza kuti ayang'anitsitse, iye n'kuyang'anadi ndi mtima wonse, kenako n'kukuyang'anani inu modabwa, osaona cholakwika. Sakuchita dala ndipo si waulesi. Ubongo wa munthu umazindikira chinthu ngakhale chitatembenuka: kapu ndi kapu, kaya chogwirira chaloza kumanja kaya kumanzere. Mwana wakhala akudalira luso limeneli chibadwire, ndipo ndi limene limamuthandiza kuzindikira nkhope ya mayi ake kuchokera mbali iliyonse. Akafika pa zilembo luso lomwelo limamusocheretsa, chifukwa kumeneko kutembenuka kokhako kumasintha liwu lonse. Katswiri wa za ubongo wa ku France, Stanislas Dehaene, anafotokoza bwino kuti mwana wophunzira kuwerenga amayenera kusiya chizolowezi chimenechi akakhala pa zilembo, n'chifukwa chake ana a m'mayiko osiyanasiyana amadutsa nyengo yolemba zilembo motembenuza.

Tsono pa kiyibodi, b ndi d ndi mabatani awiri basi. Chala chimachita zofanana pa onse awiri, kudina. Papepala ndi maulendo awiri osiyana. Polemba b pensulo imayambira pamwamba, kutsika molunjika, kubwerera pang'ono n'kuzunguliza mimba chakumanja. Polemba d imayamba ndi mimba, kukwera mpaka pamwamba, kenako n'kutsika. Mwana amene wayenda maulendo amenewa kambirimbiri amakhala ndi pothawira akakayikira. Ndaonapo nthawi zambiri mwana akuwerenga mokweza, wafika pa liwu loyamba ndi chimodzi mwa zilembozi, waima. Mukayang'ana pansi, kachala kake kakuyenda pa desiki kapena pa ntchafu, kakulemba chilembocho mosaoneka. Kakangomaliza, liwu latuluka, lolondola. Palibe amene anamuuza kuti azitero.

Zimene tinkaziona m'kalasizi akatswiri anadzaziyesa ndi makina. Mu 2012, Karin James wa ku Indiana University ku America anatenga ana a zaka 5 amene anali asanadziwe kuwerenga. Zilembo zina anawauza kuti azilembe okha papepala, zina azitayipe, zina angotsatira ndi cholembera pamene panalembedwa kale. Kenako anawaonetsa zilembozo ali m'makina ojambula ubongo. Zigawo za ubongo zimene munthu wodziwa kuwerenga amagwiritsa ntchito zinadzuka pa zilembo zimene anawo analemba okha. Pa zotayipa sizinatero, ndipo chodabwitsa n'chakuti ngakhale pa zongotsatira zija sizinatero. Ku Marseille, ku France, Marieke Longcamp ndi anzake anali atapeza kale mu 2005 kuti mwa ana a zaka 3 mpaka 5, okulirapo amene anaphunzira zilembo polemba ankazizindikira bwino kuposa anzawo amene anaziphunzira pa kiyibodi. Akuluakulu nawonso n'chimodzimodzi. Mu 2021 Robert Wiley ndi Brenda Rapp anafalitsa kafukufuku wa ku Johns Hopkins University, kumene anthu 42 anaphunzitsidwa zilembo za Chiarabu, ena polemba, ena potayipa, ena pongoziona. Gulu lolemba ndi limene linachita bwino, mpaka pa kuwerenga mawu athunthu.

Mayi James anapereka chifukwa chimene chimandigwira mtima. Mwana akamalemba yekha, chilembo chake sichituluka chofanana kawiri. Wa lero a ndi wonenepa, wa mawa wapendekera, winayo mchira watalika. Poona ma a osiyanasiyanawa, onse ochokera m'dzanja lake lomwe, ubongo umaphunzira chimene chimachititsa a kukhala a, ndipo pambuyo pake umamuzindikira m'buku, pa chikwangwani, pa bolodi, ngakhale m'zolemba za munthu wina aliyense. Ndiye kuti zilembo zokhotakhota zija, zimene aphunzitsi ambiri amazizunguliza ndi bolopeni yofiira atakwiya, ndi mbali ya phunzirolo. Makolo amene amagula mabuku odzaza ndi madontho, kapena kuika pa tabuleti masewero oti mwana azitsatira mzere ndi chala nyenyezi n'kuwala, amve bwino apa. Kutsatira n'poyambira pabwino. Maria Montessori, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, ankapatsa ana zilembo zodulidwa pa sandipepa kuti azizisisita ndi zala. Koma sankathera pamenepo. Iyenera kufika nthawi yakuti mwana ayang'ane chilembo, inu muchiphimbe, iye achitulutse m'mutu mwake n'kuchiika pa mzere wopanda kanthu.

Phindu lina limabwera mwana atadziwa kale zilembo. Mufunseni mwana wa zaka 8 zimene zinachitika ku masewero dzulo, akufotokozerani osapumira: amene anagwa, amene analira, amene anabera. Mupatseni pepala kuti alembe nkhani yomweyo. Wina adzaza tsamba, wina alemba mizere itatu n'kunena kuti zatha. Nthawi zambiri wa mizere itatuyo nkhani ali nayo, koma mutu wake wonse watanganidwa ndi funso lakuti g amayang'ana kuti, ndipo pomaliza liwu limodzi chiganizo chimene anali nacho chathawa. Dzanja likazolowera mpaka kumalemba lokha, mutu umamasuka n'kuyamba kuganiza za nkhaniyo. Virginia Berninger wa ku University of Washington, amene anafufuza za kalembedwe ka ana kwa zaka zambiri, anapeza kuti ana a giredi 2, 4 ndi 6 ankalemba nkhani zazitali ndiponso mwachangu ndi cholembera kuposa pa kiyibodi. Wina anganene kuti n'chifukwa chakuti anawo anali asanaphunzire kutayipa bwino, ndipo mwina akunena zoona. Koma mwana wa zaka 7 sangadikire kuti zala zake zikule n'kukwanira pa kiyibodi kuti ayambe kuika maganizo ake m'mawu olembedwa.

Apa ndiye ndisiyane ndi anzanga ena amene tili mbali imodzi, chifukwa nkhaniyi amaiwononga poikokomeza. Iwo akamati kulemba pamanja amatanthauza kalembedwe kolumikiza zilembo kaja, kopendekera bwino, kamene anthu akale ankanyadira. Imeneyo ndi nkhani ina. Dziko la Finland mu 2016 linachotsa kalembedwe kolumikiza pa zinthu zimene mwana aliyense ayenera kuphunzira, ndipo mphekesera inafala yakuti kumeneko asiyiratu kulemba pamanja. Sizinali zoona. Ana a ku Finland amaphunzirabe kulemba zilembo zoima pazokha ndi pensulo, kuwonjezera pa kutayipa. Ku America, ndondomeko ya maphunziro ya Common Core ya mu 2010 sinatchule kalembedwe kolumikiza, ndipo patapita zaka zigawo zingapo za dzikolo zinakabwezeretsa ndi lamulo. Chigawo cha California chinatero mu 2023, kwa ana a giredi 1 mpaka 6. Chimodzi mwa zifukwa zimene amapereka n'chakuti ana azitha kuwerenga zikalata zakale ndi makalata a agogo awo. Ndi chifukwa chabwino ndithu, koma kuwerenga kalembedwe kameneko mwana angaphunzire popanda kumukhazika zaka ndi zaka akukongoletsa michira ya zilembo. Kwa ine, mwana akamalemba zowerengeka, mwachangu, dzanja osapweteka, zakwana. Akafuna kulumikiza zilembo kuti afulumire, alumikize. Ambiri amayamba okha kutero.

Ndipo tisaiwale zimene zinkachitika m'dzina la kalembedwe kabwino: rula pa zala, tsamba kung'ambidwa kalasi yonse ikuona, mwana wamanzere kukakamizidwa kulemba ndi dzanja lamanja. Alipo akuluakulu amene amadana ndi cholembera mpaka lero chifukwa cha zimenezo, ndipo akamati ana awo asadutse momwemo ine sindiwatsutsa.

Kukokomeza kwina kuli pa ophunzira akuluakulu. Anthu amakonda kutchula kafukufuku wa mu 2014 wa Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, amene anapeza kuti ophunzira a ku yunivesite olemba manotsi pa laputopu ankangokopera mawu a mphunzitsi mmene alili, pomwe olemba pamanja, poti dzanja n'lochedwa, ankakakamizika kusankha ndi kufupikitsa, ndipo ankayankha bwino mafunso ofuna kumvetsa. Mfundoyo ndi yomveka. Koma ofufuza ena atabwereza kafukufukuyu mu 2019 ndi mu 2021, kusiyana kwa magulu awiriwo pa mayeso sikunaoneke bwinobwino. Palinso kafukufuku wa ku Trondheim, ku Norway, wa Ruud van der Weel ndi Audrey van der Meer, amene anamveka paliponse mu 2024 poonetsa kuti zigawo za ubongo zimalumikizana kwambiri polemba kuposa potayipa. Owutchula ambiri sanena kuti unali wa ophunzira 36 okha, kuti ankatayipa ndi chala chimodzi, ndiponso kuti sanayesedwe ngati anakumbukira zimene analembazo. Choncho wophunzira wa zaka 20 amene amakonda laputopu yake musamuvutitse. Umboni wolimba uli pa mwana amene akukumana ndi zilembo koyamba, ndipo ine ndaima pamenepo.

Mayiko ena amene anathamanga kwambiri ayamba kubwerera m'mbuyo pang'ono. Sweden inafika poika zipangizo zamakono ngakhale m'sukulu za mkaka. Mu 2023 nduna yoona za sukulu, Lotta Edholm, inanena poyera kuti boma likufuna mabuku osindikizidwa, nthawi yowerenga mwakachetechete ndi kulemba pamanja zibwerere m'kalasi. Izi zinadza malikisi a ana a dzikolo pa mayeso a kuwerenga a PIRLS, oyerekeza ana a m'mayiko osiyanasiyana, atatsika kuchoka pa 555 mu 2016 kufika pa 544 mu 2021. Tabuleti singasenze mlandu wonse, poti pakati pa zaka zimenezo panadutsanso mliri wa Covid-19, ndipo ngakhale atatsika choncho ana a kumeneko amawerengabe bwino kuposa a m'mayiko ambiri. Koma dziko lolemera, la magetsi ndi intaneti paliponse, likaganiza zobwezeretsa pensulo, ndiye kuti pensulo si ya amphawi okha. Amphawiwo nawo tisawaiwale. Lipoti la UNESCO la mu 2023 linati sukulu ya pulayimale imodzi mwa zinayi zilizonse padziko lapansi ilibe magetsi, ndipo bungwe la ITU, loona za matelefoni ndi intaneti padziko lonse, linati chaka chomwecho anthu pafupifupi 2.6 biliyoni sankagwiritsa ntchito intaneti. Amene akuti pensulo yatha ntchito akuyankhulira ana ochepa.

Ku China kuli vuto limene likuonetsa zimene zimachitika dzanja likapuma nthawi yaitali. Anthu ambiri kumeneko amatayipa ndi pinyin: amalemba katchulidwe ka liwu m'zilembo za Chilatini, foni n'kuwabweretsera zizindikiro zoti asankhe. Anthu ophunzira bwino amadandaula kuti chizindikiro amachizindikira akachiona, koma akagwira cholembera sichibwera. Amene zilembo zathu n'zosakwana makumi atatu sitingaiwale mpaka pamenepo. Komabe foni imene imamalizitsa liwu mwana atangodina zilembo ziwiri ikumulanda ntchito yomanga yekha liwulo, ndipo ntchito imeneyo ndi imene akanaphunzirirapo kalembedwe kake.

Pa masamu ndiye pensulo ilibe yopikisana nayo. Mupatseni mwana 52 kuchotsa 17, iye n'kulemba 45. Pa sikirini yongolandira yankho, makina angonena kuti walakwa. Koma ana awiri angafike pa 45 podzera njira ziwiri. Wina wachotsa 2 mu 7 chifukwa akuona kuti chaching'ono ndi chimene chimachoka m'chachikulu. Winayo wabwereka bwinobwino, wachotsa 7 mu 12, koma waiwala kuchepetsa 5 uja. Woyambayo afunika kuyambiranso phunziro lonse, wachiwiriyo afunika kungomukumbutsa. Chimene chimakuuzani kuti ndani ndi ndani ndi ka 1 kakang'ono kolembedwa pambali pa 2, kamene kali m'kope la wina koma m'kope la mnzake mulibe. Zofufutafufuta ndi zokhwatcha za mwana ine ndinkaziwerenga kuposa mayankho ake.

Kufunika koona ntchito ya mwana ikuchitika kwakula chibwerereni ChatGPT, pulogalamu ya pa kompyuta yotha kulembera munthu nkhani ndi mayankho, kumapeto kwa 2022. M'masekondale ndi m'makoleji ambiri aphunzitsi ayambanso kulembetsa ntchito m'kalasi, pamanja, iwo akuona, kuti atsimikize kuti maganizowo ndi a wophunzirayo. Mayeso ambiri akuluakulu nawonso akulembedwabe papepala. Mwana amene sanazolowetse dzanja ali wamng'ono amafika pa mayeso a maola awiri kapena atatu mutu uli ndi mayankho, dzanja latopa pakati pa funso lachitatu.

Pali ana ena amene zonse ndanenazi siziyenera kukhala lamulo pa iwo. Mwana wolumala manja, mwana wosaona, ndi mwana amene ali ndi vuto lija akatswiri amalitcha dysgraphia, amene ngakhale atayesetsa bwanji zilembo sizikhazikika, kiyibodi kapena makina olemba zimene munthu akuyankhula amawatsegulira khomo limene kale linali lotseka. Kumuumiriza mwana wotero pa pensulo mpaka adane ndi sukulu ndi nkhanza. Ndipo ana onse, akadziwa kulemba, aphunzitsidwe kutayipa kwenikweni, ndi zala zonse, maso ali pa sikirini. Makolo ambiri amaganiza kuti mwana wawo amadziwa kompyuta chifukwa amathamangitsa zala zazikulu ziwiri pa foni. Mumuike pa kiyibodi kuti alembe tsamba limodzi, mudzamuona akusakasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi.

Zimene ndikupempha si zambiri. Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse m'zaka zoyambirira n'zokwanira, bola zisamadumphidwe, ndipo zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata. Zilembo zisaphunzitsidwe motsata alifabeti nthawi zonse, koma m'magulu a zoyenda mofanana: c, o, a, d, g zoyamba ndi kuzungulira, l, i, t zotsika molunjika, ndi r, n, m, h, b, p zotsika n'kubwerera. Pensulo igwiridwe ndi zala zitatu momasuka. Mukaona nsonga za zala zikuyera, kapena zilembo zikuonekera kuseri kwa tsamba, mwanayo akupanikiza, ndipo adzatopa msanga. Wamanzere akhale kumanzere kwa desiki kuti chigongono chake chisamagundane ndi cha mnzake, ndipo kope lake lipendekere mbali inayo kuti dzanja lisamaphimbe zimene walemba. Izi ndi zinthu zimene mphunzitsi watsopano ayenera kutuluka nazo ku koleji, osati kudzazitulukira yekha ana atavutika kale.

Chachikulu pa zonsezi n'chakuti chilembo chomalizidwa chimabisa mmene chinalembedwera. Mwana amene amayamba h kuchokera pansi kukwera, kapena amene amalemba d pojambula bwalo n'kunyamula pensulo kukaikapo kandodo, zolemba zake zimaoneka zabwinobwino pochonga, mpaka tsiku limene adzafunika kulemba mwachangu. Pofika nthawi imeneyo chizolowezi chazika mizu. Choncho mphunzitsi asakhale pa tebulo kudikira makope, ayendeyende pakati pa madesiki ana akulemba. Kholo nalonso, m'malo mongofunsa ngati homuweki yatha, likhale pambali pa mwana kanthawi n'kuyang'ana pamene pensulo ikuyambira.

Mphunzitsi wopuma ntchito